Manja a Amake Ida

Loweruka lapitali chinakwana chaka chimwalirireni ababa, ndipo mpaka lero anthu ku Makata, ku Ndirande kwathu, akandiona amayamba ndi nkhani imodzimodzi: bambo ako aja sankaphonya maliro. Amanena moyamikira, ine ndimangovomera kuti zoona. Koma mumtima mumandiwawa, chifukwa chimene chinkawathamangitsa m'maliro onsewo ochidziwa tinali atatu okha, iwo, amayi ndi ine, ndipo ababa anatiletsa kuchitchula.

Dzina lawo linali a Dayisoni, koma Ndirande yonse inkawadziwa kuti a Dayisoni ansapato. Anali aafupi, a dazi, oyenda mofulumira ngati akuthawa mvula. Kale ankagwira ntchito ya umesenjala pa ofesi ina ku Limbe, yunifolomu ya khaki yosita mpaka kuthwa. Ine ndili sitandade seveni anaisiya ntchitoyo, n'kukhazika benchi pakhonde pathu, kuyamba kusoka nsapato. Abale awo a ku Thyolo anakalipa kuti munthu wamutu wake sasiya ntchito ya penshoni n'kumakanunkhiza mapazi a anthu. Iwo ankangoti msana watopa ndi njinga. Linali bodza. Ankafuna kukhala pamalo poti azimva chitseko cha kuchipinda chikatseguka, kapena chikapanda kutseguka tsiku lonse.

Amayi amadwala dipuleshoni. Lero ndalemba mawuwa mosavuta, koma ndinakula ndisanawatulutsepo pakamwa. Matendawa sabwera ndi kutentha thupi kapena chotupa choti munthu aloze. Amayi amene ankaimba alito mu kwaya, amene zitumbuwa zawo zinkatha isanakwane teni koloko, ankangoyamba kuzima pang'onopang'ono. Chakudya chinkasiya kukoma. Kusamba kokha kunkasanduka ntchito ya tsiku lonse. Ankagona atatembenukira kukhoma, osati tulo ayi, ali maso. Ukawafunsa kuti chikuwawa n'chiyani, ankati palibe, thupi langolemera, kenako n'kupepesa kuti atisandukira katundu. Zinkatenga miyezi itatu, nthawi zina isanu, kenako n'kuyamba kupepuka, ife n'kumati basi zatha. Sizinkatha.

Ababa sanabadwe akuzimvetsa zimenezi. Anandiuza okha, ndili wamkulu kale, kuti chaka choyamba ankawakalipira amayi kuti ndi ulesi, anawakokapo bulangete, ndipo tsiku lina anafika powafunsa ngati kuli mwamuna wina amene akumuganizira. Ponena zimenezi ankayang'ana pansi. Anapita nawo kuphiri ku mapemphero, kumene anawagwira pamutu mpaka kuwagwetsa. Anapita nawo kwa sing'anga wina ku Machinjiri, amene analoza azakhali anga, mlongo wawo wa ababa, kuti ndiwo alodza. Abale anadana, amayi osasintha.

Amene anawatsegula maso anali dokotala wina kuchipatala, kumene anapita poganiza kuti mwina magazi achepa. Anawakhazika pansi onse awiri n'kuwafotokozera kuti awa ndi matenda ngati shuga, sasankha wopemphera kapena wosapemphera, ndipo munthu sangawachotse pongolimba mtima. Anapereka mapilisi, n'kuwachenjeza kuti sagwira ntchito tsiku limodzi, pamapita masabata, ndiponso asawasiyire panjira akayamba kupeza bwino. Anatinso amayi akadzanena kuti atopa nawo moyo, ababa asadzayese nthabwala, asadzawasiye okha, adzabwere nawo tsiku lomwelo. Ababa anabwerako ali munthu wina. Mwezi wotsatira ndi pamene anasiya ntchito ija.

Kuyambira pamenepo sindinawamvenso akunena kuti dzukani. M'mawa ankalowa kuchipinda, kutsegula katani pang'ono, kuika kapu ya tiyi pampando, kenako n'kuyamba kufotokoza za panja ngati wailesi: nkhuku ya aneba yaswa, phiri lavala chifunga, kasitomala wina wabweretsa nsapato yoti ngakhale galu sangaitole. Amayi osayankha, iwo osadandaula. Ankati nsapato yonyowa suiyanika pamoto, imauma yokha pamthunzi, ukaifulumizitsa imang'aluka. Tsiku loti amayi adya theka la nthochi, ababa ankaimba likhweru pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Masiku a kiliniki ankavala jekete n'kuwagwira dzanja mpaka pasiteji ya minibasi, anthu n'kumaseka kuti mkuluyu anamudyetsa kondaine. Iwo ankati eya, ndipo anali wokoma.

Anaphunzira kuwaona matendawo akadali patali. Amayi akasiya kung'ung'udza nyimbo potsuka mbale, kapena mchere ukaiwalika mu ndiwo masiku awiri otsatizana, ababa ankadziwa kuti akubwera. Ankachepetsa ntchito, kuchotsa mbaula ya zitumbuwa mwakachetechete, n'kuyamba kupita okha kumsika. Mapilisi ankawasunga m'kachitini ka polishi kotsuka bwino, kuti mlendo akalowa asawerenge dzina papepala. Ndipo miyezi yabwino ikafika, abale inu, munkakoma m'nyumba muja! Amayi ankawanyoza ababa za dazi lawo kuti munthu akhoza kumetera ndevu poyang'ana pamenepo, ababa n'kumati dazi ndi la anthu oganiza, ndipo ankaseka mpaka aneba kufunsa kuti kwagwanji.

Kamodzi kokha ndinawaona atalusa. Kunabwera mlaliki wina woyendayenda, anawapeza amayi okha, n'kuwauza kuti kumwa mapilisi n'kukayikira Mulungu. Amayi anawataya kuchimbudzi osauza munthu. Patatha masabata angapo anagwa kugwa koipa kuposa kale lonse, mpaka kugonekedwa kuchipatala. Mlalikiyo atabweranso, ababa anamukumana pakhonde nyundo ili m'manja. Anamufunsa ngati magalasi amene wavalawo nawonso ndi kukayikira Mulungu, ndipo ngati ndi choncho awavule awaphwanyire pomwepo. Munthu uja anachoka chobwerera m'mbuyo. Ababa anali mkhristu wosaphonya Lamulungu, koma ankati Mulungu amene anapatsa dokotala nzeru sangachite nsanje ndi mapilisi.

Ine sindinali woleza mtima ngati iwo, ndisaname. Ndili mtsikana ndinkapsa mtima kuchapa, kuphika, kutunga, amayi ali chigonere. Tsiku lina ndinaponya mbale pansi n'kunena mokweza kuti anzanga ali ndi amayi awo, ine ndili ndi mtembo wopuma. Ababa sanandimenye. Ananditulutsa panja n'kundiuza chapansipansi kuti mako ndi mako angachepe mwendo, ndiponso kuti mawu amenewo amayi amadziuza okha tsiku lililonse, sakufunika wina wowathandiza. Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna nthaka itang'ambika ndilowe.

Tsono kwathu kuno kuli lamulo losalembedwa. Maliro akagwa, masamba akaikidwa pamsewu, nyumba iliyonse imapereka mbale ya ufa, ndipo mayi wa panyumbapo amapita nayo yekha, chitenje m'chiuno, kukatunga madzi, kukonza ndiwo, kukhala m'nyumba ndi anamfedwa. Maliro n'kulirana. Amene safika kwa anzake anthu amamusunga mumtima, ndipo tsiku lake likafika azimayi amangopinda manja n'kumaonerera patali. Tinazionapo. Mayi wina wa golosale atamwalira, abale ake anachita kukatenga anthu ku Bangwe kuti adzaphike, ndipo nyimbo zinkamveka ngati akuimba anthu atatu. Ababa analipo pa maliro amenewo. Anabwera kunyumba n'kukana chakudya.

Amayi sankatha kupita kumaliro. Ngakhale miyezi yabwino, khamu la anthu olira linkawabwezera m'mbuyo masabata angapo, ndipo kuchipatala komwe anawauza kuti asadzikakamize. Ndiye ababa anaganiza zoti azipita m'malo mwa anthu awiri. Maliro a mpingo wathu, a mpingo wina, a Asilamu, a mlendo wongolowa dzulo pa lendi, iwo ankatseka bokosi la zida, nsapato za anthu zidikire. Ankafika oyamba n'kuchoka omaliza. Ali ndi imvi m'ndevu ankalowabe m'dzenje pamodzi ndi adzukulu okumba manda, mpaka adzukuluwo kuchita kuwalanda khasu. Mantha awo anali amodzi okha: kuti amake Ida, poti Ida ndine, akadzatsogola, asadzagone m'nyumba yopanda owaimbira, asadzasowe azimayi owasambitsa. Anthu akafunsa za amayi, ababa ankati akazi anga ali ndi bipi.

Koma anthu ali ndi maso. Amene anatopa nazo poyera anali Mayi Magombo, tcheya wa azimayi pa maliro m'dera lathu, mayi wamtali wa mawu ngati belu, wosaopa munthu. Tsikulo kunamwalira mwana wa aneba athu enieni, nyumba yachitatu kuchokera pathu. Ababa ananyamula mbale ya ufa atavindikira ndi kansalu, ine ndili pambuyo ndi nkhuni. Titafika kuseri kumene azimayi ankaphikira, Mayi Magombo anaimirira, mbaleyo osailandira. Anati dzulo lomweli akazi anu ndawaona pamsika akusankha tomato, lero bipi yakwera? Bipi yanji yodziwa kuona masamba pamsewu? Azimayi onse anasiya zimene ankachita.

"Ufa wopanda manja sitiufuna, a Dayisoni. Kawauzeni abwere nawo okha."

Ndinaganiza kuti ababa anena. Ndinawayang'ana pakamwa, mumtima ndikuti nenani, nenani basi zithe. Iwo anaika mbale ija pansi bwinobwino, anavula jekete n'kundipatsira, n'kupinda malaya.

"Manja a amake Ida ndi awa, mayi. Ndiuzeni ntchito yawo."

Wina anaseka, koma Mayi Magombo sanaseke. Anangoloza zidebe. Ababa anatenga ziwiri n'kupita pa kiyosiki, kukaima pamzere wa madzi, bambo wa dazi pakati pa zitenje. Anatunga mpaka migolo iwiri kudzaza. Atatha anakhala pansi n'kumasadzula nkhwani ndi zala zawo zakuda ndi guluu zija, kenako kukwecha mapoto ndi mchenga. Azibambo kumabenchi ankalozerana ndi milomo. Wina anakuwa kuti a Dayisoni, tikupezereni chitenje? Iwo anayankha kuti chikhale cha maluwa, anthu n'kuseka, nkhani n'kuzizira. Kuyambira tsikulo maliro aliwonse ankayambira kuseri kwa azimayi, kenako n'kupita kumanda ndi azibambo. Anachita zimenezi zaka zoposa khumi.

Pobwerera tsiku limenelo tinakangana, ndipo mkanganowo sunathe mpaka imfa yawo. Ine ndinkati auzeni anthu zoona, mwina amvetsa. Iwo ankati iwe anthu sukuwadziwa. Ukangotchula kuti mankhwala ake ndi a maganizo, mawa ana aziimba wamisala pakhomo pano, zitumbuwa palibe agule, ndipo iweyo palibe adzakufunsire banja. Ankati kuli bwino amayi azitchedwa onyada kusiyana n'kutchedwa openga, chifukwa wonyada amapatsidwabe moni. Ndikawaumiriza ankatenga nyundo n'kuyamba kukhoma soli mwamphamvu, ndiye kuti msonkhano watha. Anali ouma mutu ababa. Ndinkawakonda, koma pamenepa ndinkawakwiyira, ndipo pang'ono ndikuwakwiyirabe. Pobisa matendawo anabisanso amayi. Anzawo a kwaya anasiya kubwera, chifukwa ababa ankawabweza pakhomo mwaulemu kuti akupuma. Amayi anatsala ndi munthu mmodzi yekha padziko.

Ndipo munthu mmodziyo ndiye anatsogola. Palibe anaziganizirapo, ngakhale eni ake. Bipi imene ankanamizira amayi inali mwa iwo, osaiyezetsa n'komwe, chifukwa masiku onse a chipatala anali a amayi, ndipo ife sitinawafunsepo kuti nanga inu mwadzuka bwanji m'thupimo. Anagwa masana Lachisanu, pabenchi pawo, singano ili m'manja. Pofika nawo kuchipatala anali atapita kale.

Pa maliro awo Ndirande inagwedezeka. Kunabwera anthu oti sindinawaonepo, ena ochokera ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa kumene anasamukira, aliyense ndi nkhani yake: anakumba manda a bambo anga, anatunga madzi pa maliro a mwana wanga. Ufa unachita kusowa poika. Zonse zimene ankakonzera amayi zinagwera iwo eni. Ndipo pakati pa nyimbo zonsezo amayi anakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, m'maso muli gwa, osagwetsa msozi ndi umodzi womwe. Matendawa amatero nthawi zina, amaumitsa munthu m'kati moti ngakhale kulira sikutuluka. Koma kwathu kuno mkazi wamasiye wosalira amakhala ndi mlandu. Ndinamva ndi makutu angawa akunong'onezana kuseri kuti wamutha mwamuna ndi ntchito, taonani mtima wake, mwina akudziwapo kanthu. Azakhali aja, amene sanaiwale za sing'anga, anachoka osawatsanzika amayi.

Anthu atabalalika panyumba panati zii. Ine ndimakhala ku Chinyonga ndi banja langa, ndipo ndimagwira ntchito. Ndinkabwera m'mawa ndi madzulo, koma masana onse amayi ankakhala okha, ndipo zosamukira kwathu anakanitsitsa. Palibe mnansi anabwera kudzati odi. Sabata yachitatu ndinapeza tiyi wa m'mawa ali pomwe ndinamusiya, ndipo amayi anandiuza modekha, ngati akunena za nyengo, kuti sakuona chimene akudikira. Tinapita kuchipatala tsiku lomwelo, anawasinthira mankhwala, ine n'kupempha tchuthi kuti ndikhale nawo. Nesi wina anandifunsa kuti nanga tchuthi chikatha kunyumba akuthandizani ndani. Ndinasowa dzina loti nditchule.

Ndiye ndinaphwanya lamulo la ababa. Ndinawapempha kaye amayi, iwo anangoti chita zimene waganiza, ndatopa n'kubisala. Ndinapita kwa Mayi Magombo, ndinawapeza akuchapa, ndipo ndinanena zonse ndili chiimire, kuyambira kukhoma kuja mpaka kachitini ka polishi. Ndinalankhula mwaukali, ndisabise, chifukwa za tsiku la ufa lija zinali zidakali pamtima. Iwo anasiya kuchapa, manja ali thovu lokhalokha, n'kukhala pachidebe chovundikira. Kenako anati:

"Ena akanaseka, sindikukana. Mwina ndi ine ndemwe poyamba. Koma mwana wanga, zaka zonsezi tikumutuma madzi bambo uja? Akanangotiuza, tikanabwera kudzakhala nawo amayi akowo."

Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira kumanda. Sindikudziwa ngati ababa analakwa kapena ayi. Ena anasekadi, ndipo pali nyumba ziwiri zimene mpaka lero ana ake amaletsedwa kudzapala moto kwathu. Koma mawa lake Mayi Magombo anabwera ndi lichero la nyemba zoti asankhe, n'kukhala pakhomo pa chipinda. Ndinawauza zimene ababa ankachita: osanena kuti limbani mtima, osanena kuti mukuchepetsa kupemphera, osawakumbutsa kuti ena akuvutika kuposa iwo. Kungokhala, kumvetsera, ndi kubweranso mawa ngakhale lero sanakuyankheni. Zinawavuta, pakamwa paja sipanazolowere kutseka, koma anaphunzira. Pano amabwera mosinthana azimayi atatu, ndipo mmodzi ndiye amawaperekeza ku kiliniki ine ndikatanganidwa. Amayi sanachire ayi. Pali masabata oipa, pali abwinoko.

Mwezi wathawu kunagwa maliro a gogo wina kumtunda kwa msika. Palibe anawakakamiza. Amayi anamanga okha chitenje, Mayi Magombo anawagwira mkono, n'kupita. Anakhalako ola limodzi lokha. Akuti anadula kabichi pang'ono, ndipo nyimbo itayamba m'nyumba analira kulira kwa chaka chonse, azimayi anzawo atawazungulira, aliyense akudziwa amene akumulira. Ine ndinali pakhomo ndikusesa pamene ankabwerako. Ndinawaona akukwera kanjira kathu mofulumira kuposa masiku onse, ndipo asanakhote n'komwe pakona ya nyumba anali atayamba kale kuyankhula.

"Bambo a Ida, ndapitatu ine lero..."

Anaima. Pakhonde paja palibe kanthu tsopano. Benchi ndi bokosi la zida anatenga abale a ku Thyolo. Pakhoma patsala misomali imene ankapachikapo nsapato zomaliza kusoka, ndi chigamba chakuda pamene ankatsamira msana. Pansi simenti inadyeka timaenje tinayi mmene munkakhala miyendo ya benchi, ndipo mvula ikawomba cham'mbali timadzaza madzi. Amayi anayang'ana pamenepo kanthawi. Kenako anakhala pansi chakumapeto kwa khonde, n'kusiya malo a munthu mmodzi, ndipo zimene ankafuna kunenazo sanazimalize.